Za M'komponi: Jukubokosi pa Okushoni



Mwezi watha m'bale wina wa kwathu anafika ku ofesi yanga nkhope itagwa. Kontrakiti yake inali pafupi kutha, ndipo anali ndi jukubokosi imene anagula kwa mayi wina wotseka shabini kulokeshoni. Chinthucho n'cholemera kuposa matumba awiri a chimanga, chosatheka kukwera nacho basi ya ku Lilongwe. Tsono anati, "Achimwene, inu ndinu mabalane, ndigulitsireni pa intaneti."

Poyamba tinayang'ana kumbuyo kwake, pamene pali kachitsulo kolembedwa dzina la kampani ndi nambala. Musakanyoze kachitsuloka, pakuti mtengo uli pamenepo. Wurlitzer 1015 ya 1946, ija ya timachubu toyenda thovu, anthu osunga zakale amailimbirana zedi. Seeburg ndi Rock-Ola za m'ma 1950, zoimba mbale zazing'ono za 45, nazonso zili ndi msika. Ya mnzathuyu inali ya ma CD, ya dzulodzuloli, ndipo ndinamuuza poyera kuti asalote zogula ng'ombe.

Tinaipukuta, tinaijambula mbali zonse, ndi vidiyo yomwe ikuimba. Batani limodzi linali lakufa, tinalemba chomwecho. Wogula akapeza chilema chimene munabisa, amafuna ndalama zake, mlandu n'kuyamba inu muli paulendo.

Tinaiika pa Bob Shop, imene mpaka 2023 inkatchedwa bidorbuy. Okushoni yake ikunga ya fodya ku Kanengo: wotchula mtengo waukulu ndiye amatenga. Chotero musayambire pa R1 poganiza kuti anthu adzapikisana. Akabwera mmodzi yekha mwapsa. Yambirani pa mtengo umene mtima wanu ungalole. Ife tinakonza kuti itseke anthu atangolandira malipiro, ndipo tinalemba kuti wogula adzatenge yekha.

Tsopano imvani bwino, pakuti apa mpamene ambiri amalirira. Okushoni isanatseke, munthu wina analemba kuti, "Ichotseni, ndikupatsani kawiri mtengowo lero lomwe." Posachedwa uthenga unalowa pafoni wonga wa kubanki, wonena kuti ndalama zatumizidwa, ndipo madzulo galimoto inaima pageti. Mnzathu anali atayamba kale kuitana anyamata onyamula. Ine ndinati tiyambe taona mu akaunti mwenimwenimo. Munalibe ngakhale senti. Dalaivala anapsa mtima, nati mabanki amachedwa, ndipo iye wachokera kutali. Tinamuyankha kuti jukubokosi ilibe miyendo, aipeza ndalama zikalowa. Sanabwerenso.

Amene anapambana pa okushoni anafika Loweruka atalipira kale. Anaponya ndalama yachitsulo, namvetsera nyimbo ziwiri, ndipo tinainyamula anthu anayi, choimirira, titachotsamo ma CD ndi kumanga zam'kati kuti zisagwedezeke panjira. Mnzathu wagula malata khumi ndi awiri.