Makina Otsukira Mbale Ayenera Kumangidwa

Anyamata athu ambiri a kuno ku Linthipe, amene anaphunzira ukalipentala, akugwira ntchito yokhoma makabati m'nyumba zazikulu za ku Lilongwe, ndipo ena anafika mpaka ku Johannesburg. Atsikana athu ena ali pa ntchito m'makhitchini omwewo. Tsono mwezi uno, okondedwa aŵerengi, ndilembako za chipangizo chimene iwo akukumana nacho kumeneko: makina otsukira mbale, aja aloŵetsedwa pansi pa thabwa lokonzerapo zakudya. Si achilendo pa dziko lapansi. Mayi Josephine Cochrane a ku America analandira chikalata cha umwini wa makina otere m'chaka cha 1886, naŵaonetsa pa chionetsero cha ku Chicago mu 1893.

Makinaŵa ali ngati bokosi, ambiri a masentimita 60 m'lifupi mwake, ndipo chitseko chake chitsegukira pansi. Apa ndi pamene pagona ngozi. Chitseko chikagona, mayi nakokera kunja madengu a waya odzaza mbale ndi miphika, kulemera konse kumachoka m'kati ndi kubwera kutsogolo. Mwana wa Sitandade 6 amene anaonapo muthu akutembenuza mwala ndi mtengo wautali adziŵa chotsatira chake. Bokosi losamangidwa liŵeramira kutsogolo, ndipo mwana wokwaŵa akatsamira pa chitsekocho, mbale ndi mipeni zimgwera.

Mmisiri wosamala ayamba ndi miyendo. Aipota kufikira makinawo ataima choongoka pa levulo, mutu wake uli pafupi kukhudza thabwa. Asanaŵakankhire m'malo mwake aonetsetse kuti mapaipi a madzi ndi waya wa magetsi sizinapindike kapena kupanikizika kumbuyo, ndipo pulagi ikhale yozula ntchito yonse ili m'kati. Pamenepo atenga tizitsulo tiŵiri taziboo timene timabwera pamodzi ndi makinawo, natikoloŵeka pamwamba, natimangira ku thabwa ndi ma screw. Akhale aafupi. Aatali atulukira pamwamba pomwe mayi adulira ndiwo, ndipo malipiro a mmisiri athera pomwepo.

Nanga pamwamba pakakhala pa mwala wa granite? Usauboole, mwana wanga, pakuti mwalawo ukhoza kung'aluka, ndipo mtengo wake sungauthe. Tizitsulo tija timangidwe m'mbali, ku matabwa a makabati oyandikana nawo. Pamwamba pakakhala pa thabwa la utuchi wopsinja, kunsi kwake kumatidwe chotchinga nthunzi, chifukwa nthunzi yotuluka potsegula chitseko imatupitsa thabwalo pang'onopang'ono mpaka ma screw atazuka. Ine ndiona kuti mmisiri wolumpha zimenezi chifukwa cha changu sayenera kulipidwa kufikira atatsegula chitseko, kukoka madengu onse aŵiri ndi kuonetsa mwini nyumba kuti bokosi silikugwedezeka.

Ife otsala kumudzi tili ndi thandala lathu loyanikapo mbale, ndipo nalonso limagwa pa ana. Mphanda zake zikumbiridwe mozama ndi kutsindiridwa bwino, ndipo mvula isanayambe abambo azigwedeze kuti aone ngati chiswe sichinadye kunsi.