Sikuta ndi ya m'tauni, alimi samalani

Ndalama za soya ndi nshawa zikalowa m'thumba, ambiri a ife maso amathamangira ku njinga zamoto, ndipo masiku ano ena akukopeka ndi sikuta. Sitikutsutsa. Ilibe zosintha magiya, imamwa mafuta pang'ono, ndipo mai wovala citenje amakwera mwaulemu. Kwa aphunzitsi kapena anasi a mu Chipata amene ayenda pa tala tsiku ndi tsiku, ndi yabwino ndithu.

Koma ife tikuti yambani mwayang'ana mseu wa kwanu. Mawilo a masikuta ambiri ndi ang'ono, mainci 10 kapena 12, pomwe a Honda wamba ndi 17 kapena 18. Mumcenga amatitimira, m'matope a Januwale amaterereka. Lamba woyendetsa wilo la kumbuyo akadukira kumudzi, adzakonza ndani? Makanika wa pamsika anazolowera cheni. Thumba la feteleza la makilogramu 50 nalonso mudzalimanga pati? Parishi imene ifuna kugulira akatekisiti cokwera copitira ku masenta akutali iganize kawiri, pakuti ndalamazo ndi zopereka za akhristu.

Cina ndi mapepala. Njinga yochipa yolowa mozemba kucokera ku Malawi kapena Mozambique, yopanda pepala la ZRA, simudzailembetsa ku RTSA, ndipo apolisi akhoza kuigwira. Funsani white book, muyerekeze nambala ya injini ndi imene ili m'bukumo. Patulanitu za laisensi, inshuwalansi ndi zisoti ziwiri, cifukwa amai nawonso adzakwera kumbuyo popita ku Misa.