Madam Achira, Laibulale Yatsekedwa: Wolakwa Ndani?

Atsikana anzathu, lero tabwera ndi nkhani ya makiyi.

Mwezi wa June tinali kumapiri kuno ku Dedza, nthawi imene chifunga chimatsika m'phiri n'kuphimba misewu mpaka dzuwa litakwera. Tinapita pa CDSS ina kuseri kwa msewu wa M1 kukacheza ndi atsikana a kalabu yowerenga. Dzina la sukuluyo sititchula, chifukwa zimene tinaona kumeneko si za sukulu imodzi. Tinapeza chitseko cha laibulale chili ndi loko. Pawindo mabuku akuoneka ali ndandanda, fumbi lili mbuu. Mtsikana wina wa Fomu 4, mayeso a MSCE atatsala masabata owerengeka, anatiuza kuti: "Anatseka mu April. Madam anachira."

Anayankha ngati akunena za mvula. Madam achira, ndiye laibulale yatsekedwa, basi. Palibe anadabwa. Ifeyo tinadabwa, ndipo mpaka lero mtima sunatsike.

Madam amenewa tinakawaona kunyumba kwawo, mwana ali kubere, mbaula ili pafupi chifukwa cha chisanu. Ndi mphunzitsi ngati aphunzitsi ena onse, mapiliyodi awo ndi odzaza ngati a aliyense. Laibulale anangopatsidwa pa msonkhano wa aphunzitsi zaka zingapo zapitazo, akuti "amayi ndi osamala zinthu." Sanawachotsere piliyodi ngakhale imodzi. Sanawaonjezere ngakhale tambala.

Tsiku lawo limayamba 4 koloko m'mawa. Kukoleza moto, kutereka madzi osamba a banja lonse, phala la ana, kusita yunifolomu, kuperekeza wamng'ono kumkombaphala. Kenako kukalasi. Anzawo akaweruka, iwo ndi pamene amatsekula laibulale. Kulemba m'kope amene wabwereka buku, kulondola amene sanabweze, kumata masamba othothoka, kusesa, kuthamangitsa chiswe. Akafika kunyumba mdima uli pafupi, nsima ikudikira iwo, makope a ana oti achonge akudikiranso iwo, magetsi akazima ndiye pa tochi ya foni.

Sanadandaule za kutopa. Chimene chinawagwetsa misozi ndi mawu a mwana wawo woyamba, wa Sitandade 3, amene tsiku lina anawafunsa kuti: "Amayi, ana a eni mumawawerengera mabuku, nanga ife mudzatiwerengera liti?" Anatiuza kuti analibe yankho. Anatiuzanso kuti laibulaleyo amaikonda ndipo safuna kuisiya, chifukwa amawadziwa atsikana amene amabwera kudzakhala mmenemo ola limodzi lokha limene palibe amawatuma.

Ndiye tiyeni tiyambe ndi bodza loyamba, loti kuyang'anira laibulale ndi ntchito yopepuka, yongokhala pampando.

Ikanakhala yopepuka, bwenzi Mzuzu University isakuphunzitsa anthu zaka zinayi mpaka kupereka digiri ya ntchito imeneyi. Bwenzi dziko lino lisanakhazikitse National Library Service ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo kalekale mu 1967. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu December 2015, dziko lonse linalira, chifukwa aliyense anadziwa kuti sukulu yopanda mabuku ndi chigoba. Koma ntchito yomweyo ikafika pa CDSS ya kumudzi n'kugwera mayi, imasanduka "kungothandiza."

Tonse timaidziwa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Anasiya sukulu chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, n'kumapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Buku la moyo wake linamveka dziko lonse lapansi, filimu yake inatuluka pa Netflix mu 2019. Amene ankatsekula chitseko cha laibulale imeneyo, n'kumulola mnyamata wosiya sukulu kubwereka mabuku, anali mphunzitsi wamayi. Tadzifunsani, ndi angati mwa ife amene tingatchule dzina lake osafufuza? Chitseko chija chikanakhala ndi loko ngati chimene tinachiona ku Dedza, filimu ija bwenzi kulibe.

Bodza lachiwiri ndi loti Madam atapita ku tchuthi cha uchembere panalibe wina woti atenge makiyi. Pa sukulupo pali aphunzitsi aamuna oposa aakazi. Titafunsa, yankho linali loti mabuku akhoza kusowa, ndipo palibe akufuna kudzayankha mlandu. Mwamva? Pa nkhani ya malipiro, ntchitoyi ndi yopepuka. Pa nkhani yosenza udindo, ntchito yomweyo ndi yolemera moti abambo athunthu akuithawa. Sankhani chimodzi, akuluakulu. Ngati ndi yopepuka, tengani makiyi. Ngati ndi yolemera, iwerengereni.

Ndipo chopweteka n'choti mkwiyo wa makolo unagwera Madam. Ena pa msika amati, "Akanadikira ana alembe kaye mayeso." Eti mimba idikire kalendala ya MANEB! Mayi sanalakwe kubereka. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limapereka kwa mayi aliyense wapantchito masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, malipiro onse akulandira, ndipo ogwira ntchito m'boma amapatsidwa masiku 90. Mimba si ngozi ya pamsewu, imaoneka miyezi yambiri isanafike nthawi. Oyang'anira sukulu anali ndi miyezi yokwanira yokonzekera. Sanakonzekere chifukwa m'mutu mwawo laibulale si gawo la sukulu, ndi kamunda ka Madam.

Lamulo lomwelo lili ndi mbali imene tiyenera kuikana. Tchuthi cholipidwacho chimaperekedwa kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mayi akachiranso zaka zitatu zisanakwane, amadalira chifundo cha abwana. Kodi m'banja mwathu muno ndi mayi yekha amene amasankha nthawi yobereka? Tikudziwa tonse amayi amene amabisa khadi la kulera kwa anzawo kuopa bambo akunyumba. Chilango chake n'chifukwa chiyani chimagwera mayi yekha?

Mu 2021 lamuloli linasinthidwa. Tsopano abambo ali ndi masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa, ndipo mayi woyamwitsa ayenera kupatsidwa mpata woyamwitsa pa nthawi ya ntchito. Zabwino. Koma funsani kuntchito kwanu kuti ndi abambo angati anatenga masabata awiriwo n'kukhaladi pakhomo, kuchapa matewera, kuphikira ana akuluakulu, kuperekeza mayi ku sikelo. Lamulo limathera pachipata cha nyumba ngati ife sitilitengera mkati. Amuna a Madam si munthu woipa, iwo eni anatero. Amagula ufa, amalipira fizi, samenya. Koma madzulo akabwera amakhala pansi, ndipo Madam akachedwa ku laibulale amafunsidwa kuti, "Za ulerezi n'zimene zikukuchedwetsani?" Taonani msampha wake: kuntchito samulipira chifukwa ndi mayi wodzipereka, kunyumba amamunyoza chifukwa sakulipidwa.

Tsopano amene aluza kwambiri ndani laibulale ikatsekedwa? Mnyamata akaweruka amatha kupita kwa mnzake amene ali ndi buku, amatha kubwerera ku sukulu madzulo kukawerenga, palibe amamufunsa. Mtsikana akaweruka kuli kumjigo, kuli kunkhuni, kuli kudimba kukathandiza kukumba mbatata ya kachewere, kuli mwana wa kubereka kumbuyo. Akati atuluke madzulo ndi buku, mudzi wonse umayamba kumuwerengera zibwenzi. Pa sukulu zambiri buku limodzi amagawana ana angapo, ndiye amene alibe mpata wolipeza masana salipezanso. Loko uja anatsekera aliyense, koma anatsekera kwambiri mtsikana.

Boma lino la Dedza limadziwika kutali chifukwa cha Senior Chief Theresa Kachindamoto, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubweza atsikana ku sukulu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18. Kuyambira 1993 tili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anachira kubwerera m'kalasi. Zonsezi timaziombera m'manja, ndipo n'zoyenera. Koma mtsikana wobwerera ku sukulu atatsalira chaka chathunthu, mwana akumudikira kunyumba, adzawapeza bwanji anzake ngati chipinda cha mabuku ndi chokhoma? Kumuchotsa ku banja ndi theka la ntchito. Theka linalo likugwiridwa ndi amayi ngati Madam, ndi amayi a mother group, ndi amayi olera ana ku mkombaphala, ambiri a iwo mwaulere. Maphunziro a mtsikana m'dziko muno ayima pa msana wa amayi amene sitiwawerengera.

Tikudziwa ena ayankha kuti boma lilibe ndalama. Chabwino, tidzakangana za bajeti tsiku lina. Koma kudulitsa kiyi wachiwiri kumafuna bajeti ya Nyumba ya Malamulo? Kulemba maola a laibulale pa taimutebulo ngati mapiliyodi enieni kumafuna thandizo la kunja? Kusankhiratu wogwirizira mayi asanapite ku tchuthi kumadikira ndalama ya ndani? Apa chosowa si ndalama. Chosowa ndi kuona ntchito ya mayi ngati ntchito.

Ena adzati, "Koma Madam ndi mayi wolimba, Mulungu awadalitse." Mawu amenewa atikwana. Kuyamikira kulimba kwa mayi kwasanduka njira yomusenzetsera katundu wina. Pa tsiku la anakubala mu October timagula zitenje, timalemba mawu okoma pa WhatsApp, mawa lake mayi yemweyo adzuka 4 koloko yekha. Mutu umodzi susenza denga, timatero tokha, koma denga la pakhomo ndi la kuntchito tawasiyira mutu umodzi.

Ndipo asisi a m'tauni, nafenso tisadzipatule. Ambiri mwa ife ku Lilongwe ndi ku Blantyre timakwanitsa kupita kuntchito, ku yunivesite, ngakhale ku misonkhano ya ufulu wa amayi, chifukwa kunyumba tasiya mtsikana wantchito. Anachokera kuti? Kawirikawiri kumidzi ngati ya kuno ku Dedza. Ali ndi zaka zingati? Analekera kalasi yanji? Timamulipira zingati, ndipo amapuma liti? Mwina ndi mmodzi wa aja anapeza chitseko chokhoma, n'kulephera mayeso, n'kukwera minibasi kubwera kudzatilerera ana. Katundu amene tikukana kusenza tokha tisangomutsitsira pa mtsikana wosauka kuposa ife. Ngati tikufuna kuti ntchito yosamalira anthu iwerengedwe, tiyambe kuiwerengera m'khitchini mwathu.

Nazi zimene tikufuna, ndipo tikazinena pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi sukulu zikatsekulidwa mu September.

Choyamba, laibulale ya sukulu iliyonse ikhale ndi aphunzitsi osachepera awiri osunga makiyi, ndipo asakhale amayi okhaokha.

Chachiwiri, maola a laibulale alembedwe pa taimutebulo, ndipo woyang'anira achotseredwe mapiliyodi ofanana nawo, kuti aziweruka nthawi imodzi ndi anzake.

Chachitatu, mphunzitsi akadziwitsa a hedi kuti ndi woyembekezera, wogwirizira ntchito zake zonse asankhidwe nthawi yomweyo, polemba, osati pakamwa.

Chachinayi, buku likasowa, ukhale mlandu wa sukulu yonse ndi komiti yake, osati ngongole ya munthu mmodzi.

Chachisanu, Unduna wa Zamaphunziro uyambe kulemba ntchito anthu ophunzira za laibulale m'ma CDSS, poti anthu otere alipo ndipo ambiri akungokhala ndi mapepala awo kunyumba.

Chachisanu ndi chimodzi, aphungu athu aunikenso malire a zaka zitatu aja pa tchuthi cha uchembere.

Kwa abambo amene mumawerenga tsamba lino mwakachetechete, tikukuonani. Masabata awiri aja ndi anu, atengeni. Ndipo mwana wanu akafuna womuwerengera buku madzulo, nanunso munapita ku sukulu.

Madam abwerera kuntchito tchuthi chawo chikatha. Atiuza kuti akatsekula laibulale, akapukuta fumbi, akayambiranso kope lawo pamene analekera. Koma atsikana a Fomu 4 aja adzakhala atalemba kale mayeso, ndipo teremu imene inatayika palibe adzawabwezere.

Ndiye tikukupemphani kanthu kamodzi sabata ino. Imbani foni ku sukulu imene munaphunzira, kapena kumene amaphunzira mng'ono wanu. Funsani mafunso atatu: laibulale ndi yotsekula? Makiyi amasunga ndani? Iyeyo akadwala kapena akachira, amatsekula ndani? Mukamva mayankho, mutiuze. Tikufuna tidzafike pa misonkhano ya September tili ndi mndandanda m'manja.