Pamene Soldier anasiya kuluma

Nyimbo za ku Malawi siziima pachipata cha m'malire cha Chiponde. Zimafika ku Mandimba mpaka ku Mitande, kutsidya kwa malire, komwe dzina la woimba Lucius Banda si lachilendo.

Mkulu wa ku Balakayu anatchedwa Soldier chifukwa chodzudzula atsogoleri mosaopa. Ngakhale atalowa kunyumba ya malamulo mu 2004 kudzera m'chipani cha UDF, anapitiriza kulasa boma la Bingu wa Mutharika. Zinthu zinasintha atakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Katundu anakwera mtengo, anthu anadikira nyimbo yowalankhulira, ambiri nkudandaula kuti Soldier wafatsa.

Dandaulo lawo linali lomveka, pakuti amene anamukweza ndi amphawi.

Lucius Banda anamwalira pa 30 June 2024. Phunziro ndi lakuti oimba achinyamata a kutsidyako, ku Ngauma ndi Cuamba, asataye anthu amene amawavinira m'misika.