Nyumba yamakono imafuna mwini wake akhale tcheru

Soya ndi mtedza zikagulitsidwa, mashopu a pa Mchinji Boma amadzaza ndi anthu ofuna sola, mabatire ndi mababu. Ena amawoloka pa Mwami kukagula ku Chipata. Masiku ano kwabweranso zipangizo zodzigwirira ntchito zokha: babu loyaka kukangoda, getsi lapanja loyaka munthu akadutsa, ndi kamera yoonetsa pa foni zimene zikuchitika pakhomo mwini wake ali kutali. Chiwonongekere siteshoni ya magetsi ya Kapichira ndi namondwe Ana mu January 2022, ambiri tidaphunzira kuti si bwino kudalira magetsi a ESCOM okha. Koma ndalama za dzinja lathunthu zikhoza kuthera pa zipangizo zosatha n'chaka chomwe.

Tisanagule chilichonse, tiyambe tawerengera. Mababu anayi a mawati 5 akayaka maola asanu amadya mayunitsi 0.1. Wailesi yakanema ya mawati 40 ikaoneredwa maola atatu imadya 0.12. Koma kamera ya mawati 5 sizimitsidwa usana ndi usiku, choncho pa maola 24 imadyanso 0.12, kuposa mababu anayi aja. Rauta yotumiza zithunzi ku foni nayonso sigona, ndiponso imafuna bandulo mwezi ndi mwezi. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mayunitsi 1.2, koma ngati ndi la mtovu tiyenera kugwiritsa ntchito theka lokha. Tikamalikama mpaka kutheratu, limafa msanga.

N'chifukwa chake timalangiza mabanja kuyamba ndi zimene zimateteza moyo. Getsi loyaka lokha panjira ya kuchimbudzi limathandiza agogo kuti asagwe ndiponso ana asaponde njoka. Babu la m'chipinda chowerengera limachotsa kandulo ndi koloboyi, zimene utsi wake umavutitsa maso ndi chifuwa, ndipo mwana akasinza zimayatsa nyumba. Kamera ibwere pambuyo, ngati thumba lilola.

Poika sola, tikumbukire kuti dziko lathu lili kummwera kwa equator, choncho sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Tionenso mitengo. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umachepetsa kwambiri mphamvu ya sola yonse. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola, ndipo pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Mawaya opyapyala olumikizidwa ndi pulasitiki ya shuga amatentha, ndipo moto wake umayambira kudenga anthu ali mtulo. Bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa amisiri a zamagetsi. Si mwano kufunsa kuti, "Bambo, tingaone nawo chiphaso chanu?"

Batire lisakhale m'chipinda chogona. Likamachajidwa limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, choncho likhale podutsa mphepo, kutali ndi mbaula. Ngati ndi lothira madzi, tithiremo madzi a batire okha, osati a pampopi kapena pamjigo. Asidi wake akagwera pakhungu kapena m'maso, titsuke ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako tithamangire kuchipatala. Batire likatha tisaliswe kapena kulisiya pabwalo. Mtovu wa m'katimo ndi poizoni amene amawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, mpaka mwana kumavutika kusukulu ife osadziwa gwero lake. Tikalipereke kwa ogula mabatire akutha.

Kusamala kwake si ntchito yaikulu. Kuyambira August mpaka mvula itayamba, fumbi la kwathu kuno limakuta sola, ndiye tiziipukuta ndi kansalu konyowa kamodzi pamlungu, m'mamawa isanatenthe. Mu June ndi July, mitambo ikachuluka, tichepetse maola a kanema. Mvula ya ziphaliwali ikamabwera, tizule mapulagi a kanema ndi rauta.

Foni ndiyo yasanduka kiyi wa nyumba. Mayunitsi a ESCOM timagula pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kulandira manambala 20 olowetsa mu mita. Sola zapangongole nazo zimatseka zokha tikachedwa kulipira, ndiye tisanasaine tifunse mtengo wonse pamodzi, osati wa pamwezi wokha. Kamera ikaikidwa, tisinthe pasiwedi imene idabwera nayo, chifukwa mmisiri kapena mlendo aliyense woidziwa akhoza kumaona nthawi imene pakhomo palibe munthu. Ndipo kamera iyang'ane kugeti ndi kukhola, osati kuchipinda kwa ana kapena kwa mtsikana wantchito. Aliyense wokhala pakhomo adziwe kuti ilipo.

Pomaliza, magetsi osazima asatilande tulo. Kale mdima ndiwo unkatigoneka, pano tiyenera kudziikira lamulo tokha. Tigwirizane ngati banja nthawi yozimitsa kanema, ndipo mafoni onse, a bambo ndi a mayi omwe, azichajidwa pabalaza. Mawa lake ana adzadzuka ndi mphamvu, batire nalonso lidzafika m'mawa lisanathe.