Magazi osungira opaleshoni ya matumbo: kuitanitsa ochuluka si chitetezo

Magazi akachepa m'chipatala, opaleshoni yoyamba kuimitsidwa ndi yokonzekeratu, monga yochotsa chotupa cha khansa m'matumbo. Mayi wotaya magazi pobereka sangadikire, mwana wamalungo chimodzimodzi. Wodwala matumbo amauzidwa kuti abwerenso, chotupa chikukulabe. Izi zimakula sukulu zikatsekera, chifukwa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira popereka magazi.

Koma vuto lina lili m'kaitanitsidwe. Dokotala akapempha mapaketi awiri, a ku labotale amawayeza ndi magazi a wodwalayo, n'kulembapo dzina lake. Kwa masiku awiri kapena atatu magaziwo amakhala ngati a munthu mmodzi, pomwe m'firiji amangokhala masiku 35 mpaka 42 asanawonongeke. Chonsecho, maopaleshoni ambiri a matumbo amatha osaika ngakhale paketi imodzi.

Akatswiri ali ndi muyeso wake: ngati mapaketi oyezedwa akuposa oikidwa kupitirira ka 2.5, chipatalacho chikuitanitsa mopyola. Njira imene zipatala zambiri padziko lapansi zimatsata ndi yongodziwiratu gulu la magazi a wodwala ndi kufufuza ngati thupi lake lingakane magazi ena, osamusungira paketi, pokhapokha opaleshoni ikhale yotayitsa magazi ambiri.

Madokotala athu sitingawadzudzule msanga. Amene wadula mimba pachipatala cha boma chakutali, osatsimikiza kuti firiji muli kanthu, ali ndi chifukwa chosungitsiratu. Njirayi imagwira pomwe labotale ili ndi zoyezera zokwanira ndipo ingatulutse magazi mwachangu, usiku womwe.

Chomwe tingachite lero n'chotchipa. Khansa ya m'matumbo imadontheza magazi pang'onopang'ono, ndiye odwala ambiri amafika ali ndi magazi ochepa kale: bungwe la WHO limati ndi ochepa akatsika pa 13 mwa amuna ndi pa 12 mwa amayi osayembekezera. Masabata odikira opaleshoni ndi nthawi yoti wodwala ayezedwe ndi kupatsidwa ayironi, wakumwa kapena wa mumtsempha. Mukapatsidwa tsiku la opaleshoni, funsani mulingo wa magazi anu tsiku lomwelo, osati usiku woti mawa mulowa m'fiyeta.