Mlonda wa nkhokwe asamagone ndi njala

Sabata yatha ndidakwera minibasi imodzi ndi mphwanga wina kuchokera pa Chinkhoma kupita pa boma la Kasungu. Ndi mnyamata wophunzira, adachita digiri ya zowerengera ndalama, ndipo amagwira ntchito kubungwe lina lobwereketsa ndalama kwa alimi. Ntchito yake ndi kuunika ngati mlimi wopempha ngongole adzathe kubweza. Akasaina iye, feteleza amatuluka. Akakana, mlimi amabwerera chimanjamanja. Tsikulo n'kuti atavomereza ngongole za mamiliyoni angapo. Koma kondakitala atatambasula dzanja, mphwangayo adandinong'oneza kuti: "Achimwene, mundilipirireko, mwezi uno watalika."

Ndidamulipirira, koma nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu mpaka lero.

Ambirife tikamva za akatswiri oona za chiopsezo cha ndalama timaganiza za mabwana a mataye a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene amakhala kumalikulu a mabanki n'kumawerengera za madola ndi chiwongoladzanja. Iwo alipo ndithu, ndipo ambiri mwa iwo sadandaula. Koma manambala amene amagwiritsa ntchito amachokera kwa anthu ngati mphwangayu, amene amakwera njinga yamoto kupita ku Santhe, Chamama, Chulu kapena Nkhamenya kukaona ndi maso ngati munda ulipodi, ngati nazale yamera, ngati chigafa chili chilili, ndiponso ngati mlimiyo sadakongole kale kwina.

Ntchitoyi si yamasewera. Ngongole ya fodya imatuluka nthawi ya nazale, cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo ndalama zimayamba kubwerera msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Pakati pa miyezi imeneyi pali zambiri zimene zingachitike. Mvula ikhoza kudula ngati mu 2024, pamene boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha El Niño. Matalala akhoza kung'amba masamba tsiku limodzi. Mabelo akhoza kukanidwa ku okushoni. Mlimi akhoza kupanikizika ndi njala ya mu Febuluwale n'kugulitsa fodya kwa mavenda, ngongole ili chikhalire. Chiyambireni ulimi wa kontirakiti mu 2012, fodya wambiri amalimidwa ndi zipangizo za ngongole, choncho wina ayenera kuyeza zonsezi ndalama zisadatuluke. Ndiye mlonda wa nkhokwe ameneyo.

Tsono taonani chimene chimachitika ndi thumba lake. Fodya pa Chinkhoma amagulidwa m'madola. Wounika ngongole amalandira makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700 pa dola imodzi. Tiyerekeze kuti munthu ankalandira K500 000 pamwezi. Dzulo lake ndalamayo idali madola 424. Kutacha idali madola 294, iye asadalakwe kanthu, asadajombe ngakhale tsiku limodzi. Mwezi womwewo petulo adakwera kuchoka pa K1 746 kufika pa K2 530 pa lita. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa apo. Mabungwe obwereketsa ndalama sadachedwe kukweza chiwongoladzanja pamene Reserve Bank idakweza chake kufika pa 26 peresenti. Malipiro a antchito okha ndi amene amayenda ngati nkhono.

Ena amati moyo wa ku Kasungu ndi wotchipa poyerekeza ndi Lilongwe. Lendi mwina inde. Koma shuga, mafuta ophikira, sopo ndi simenti zimabwera pa galimoto kudzera mumsewu wa M1, ndipo mtengo wa ulendowo amalipira ndi wogula. Msika wa fodya ukatsegulidwa, ogulitsa amaika mitengo poyang'ana mlimi amene wangotapa kumene ndalama, osati munthu wa pamwezi. Kuonjezera apo, wogwira ntchito yokhudza ndalama kumudzi amamuona ngati iye ndiye banki. Maliro akagwa foni yoyamba ndi yake, fizi ya mwana wa mlongo wake ndi yake, feteleza wa mayi ake ndi wake.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akupukusa mutu. Akuti, kodi munthu wolandira ndalama zotere ndi womulirira, pamene malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa mu Febuluwale 2024 adali K90 000? Nanga tenanti amene amadikira chaka chathunthu kuti aone ndalama, titi chiyani? Funsoli ndi loona, ndipo sindikunena kuti mphwangayu ndiye wovutikitsitsa m'boma muno. Chimene ndikunena n'chakuti njala ya munthu ameneyu simathera m'nyumba mwake. Imafika kwa mlimi, imafikanso kwa inu amene mudasunga ndalama zanu kubanki kapena ku SACCO.

Imafika m'njira zitatu. Yoyamba, akale adati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Munthu amene siginecha yake imatulutsa matumba makumi awiri a feteleza, pamene kunyumba ufa watha, adzakumana ndi mlimi wobwera ndi envelopu kapena mbuzi yeniyeniyo. Ambiri amakana, ndipo ndimawalemekeza. Koma amene wavomera kamodzi sangakanenso, ndipo ngongole imayamba kupita kwa wodziwa kupereka m'malo mwa wodziwa kulima. Yachiwiri, ndalama ya mafuta ikapanda kukwera pamodzi ndi mtengo wa pa filing'i siteshoni, minda imayenderedwa pa pepala. Fomu imadzazidwa pansi pa mtengo pa tredingi senta, maekala awiri n'kukhala asanu. Yachitatu, amene aidziwa bwino ntchitoyi amachoka. Zimatenga zaka kuti munthu adziwe kalabu yoona ndi kalabu yongopangidwa usiku umodzi, kapena mudzi umene fodya wake amakonda kutuluka ndi njira zachidule. Akangodziwa, amapeza ntchito yabwinoko mumzinda, ndipo pamalo pake pamabwera wachilendo wodzayambanso kuphunzira ndi ndalama za eni.

Dziko lino lidalawapo kale zotsatira za ngongole zosabwezedwa. Achikulire akukumbukira SACA, imene inkakongoza alimi ang'onoang'ono kudzera m'makalabu. Idagwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, chilala cha 1992 ndi mphepo ya ndale zitachititsa kuti anthu asiye kubweza. Mu 2015, pogulitsa Malawi Savings Bank, boma lidasenza ngongole zoipa za ndalama pafupifupi K6 biliyoni, kutanthauza kuti tidalipira ndife okhoma msonkho. Nkhani ziwirizi zidali ndi zifukwa zake zosiyana, koma phunziro lake ndi limodzi: ngongole ikafa, amene sadadye nawo ndiwo amalipira. Mlimi wokhulupirika amapeza chiwongoladzanja chakwera, chikole chakula, kapena khomo latsekedwa.

Ndiye pempho langa kwa eni mabanki, ma SACCO, mabungwe a ngongole zing'onozing'ono ndi makampani a fodya ndi ili. Malipiro a anthuwa aziunikidwa pamene kwacha yagwa, osati kudikira chaka chithe. Bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa mtengo wa zofunika pamoyo wa banja mwezi ndi mwezi. Poyambira palipo kale. Ndalama ya mafuta iziyenda ndi mtengo wa mafuta. Ndipo bonasi isamawerengedwe potengera kuchuluka kwa ngongole zimene munthu watulutsa, koma zimene zabwerera. Ukamulipira munthu chifukwa chonena kuti inde, usadabwe akaiwala kunena kuti ayi. Mabanki athu akhala akulengeza phindu la mabiliyoni chaka ndi chaka, choncho asatiuze kuti ndalama yolipira mlonda palibe.

Kwa alimi anzanga a m'zigwa za Kasungu, wounika ngongole akakukanizani musathamangire kumutcha wankhanza kapena kumusakira nkhuku. Mufunseni chifukwa chake. Nthawi zina ayi wakeyo ndi amene wapulumutsa njinga yanu, malata anu ndi ng'ombe zanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa m'munda akadali ndi mvula, matalala ndi ogula oti adutsemo.

Titatsika pa depoti, mphwangayo adandithokoza n'kulonjeza kuti adzandibwezera pa 25. Ndidamufunsa moseka ngati iye mwini angadzivomereze ngongole ataunika fomu yake. Adaganiza kanthawi, kenako adati: "Kunena zoona achimwene, ndikadakana."